Nthuli za Kuseri kwa Butchala

Namwino anayang'ana zotsatira za magazi, n'kuyang'ana atelala, kenako maso ake n'kutera pa akazi awo, amake mapasa, ngati wagwira wakuba.

"Mayi, bambowa mukuwadyetsa chiyani? Shuga watsikako, koma mafuta m'magazi ali pomwe paja. Tinakuuzani kuti munthu wa shuga mafutawa sachedwa kumutseka mitsempha. Mukufuna afe ziwalo?"

Amake mapasa anamva makutu kutentha. Iwo? Iwo amene anasiya kukazinga mpaka chiwaya chinachita dzimbiri? Amene amasenda khungu la nkhuku n'kuponyera mphaka ana akuyang'ana? Nyemba zowiritsa, masamba ongodonthezera timafuta, nsomba yowotcha, peyala m'malo mwa majarini. Nyumba yonse inali kudya ngati odwala chifukwa cha munthu mmodzi.

"Mwana wanga," anatero, "kusukulu sindinapite patali, koma makutu ndili nawo. Zonse munanena ndinachita."

"Magazi sanama, mayi."

"Ndiye wabodza ndine?"

Namwino anatembenukira ku mapepala ake. Atelala anali duu, akuyang'anitsitsa chithunzi cha mtima chimene chinali pakhoma ngati akuchiyeza kuti achisokere malaya.

Pobwerera kunyumba mutu wa amake mapasa unali pa ntchito. Chinthu chimodzi chinali kuwabaya. Bambowa kunyumba nyemba amangozikankha ndi supuni uku ndi uko, nkhope ngati akumwa mankhwala. Koma bakuli la chakudya chamasana limabwera kuchokera kuntchito lili mbee, ngati lanyambitidwa. Munthu angadane ndi nyemba kunyumba n'kumazikonda kuntchito?

Mawa lake masana anatseka chitseko, n'kulunjika kumashopu.

Atelala amasokera pakhonde lalitali. Pafupi nawo pamakhala wosoka nsapato, kenako wometa, ndipo kumapeto kuli butchala. Makina osokera anali okha, thalauza la munthu lili lende pansi pa singano. Kuseri kwa butchala kunkafuka utsi, ndipo fungo lake lokha linali lokwana kunenepetsa munthu.

Anazungulira. Amuna anayi anali atazinga chiwaya chachikulu. Abucha ali ndi kachitidwe kawo: mafuta onse amene makasitomala amawakana, amawasenga n'kuwaunjika pambali, masana n'kuwakazinga kuti adye ndi anzawo apakhonde. Ndipo poti atelala ndiwo amawasokera maepuloni, mbale yoyamba imakhala yawo. Ndi imeneyo inali pamiyendo pawo, nthuli zoyera zili noninoni, mafuta akuyenderera mpaka m'chigongono.

Pambali, wosoka nsapato anali atakumbatira bakuli la amake mapasa, akukokota nyemba.

"Zikomo kuno!"

Atelala anatsamwa.

"Aa, alamu!" anatero abucha akupukuta manja. "Mwafika bwino. Tengani kanthuli."

"Kanthuliko mukapatse agalu. Inu bambo a mapasa, chili m'manja mwanucho n'chiyani?"

"Ndimangolawa, mayi."

"Kulawa ndi mbale yodzaza? Ine dzulo kamwana kobadwa dzana kandiyesa wabodza pamaso pa anthu, inu muli phee. Ndimadzuka tambala asanalire kuwiritsa nyemba, kuti ndizinenepetsa wosoka nsapato?"

Wosoka nsapato anaika bakuli pansi mwaulemu. "Ine, alamu, ndisaname, zimandikomera. Ngakhale m'mimba mwangamu masiku ano mukuyenda bwino."

Wometa anaseka, koma atawona nkhope ya amake mapasa, kuseka kuja kunasanduka chifuwa.

"Alamu, musakwiye," anatero abucha. "Mwamuna amafunika kanyama. Taonani momwe aonderamu. Ife timati mwina kunyumba zinthu zavuta, ndiye timawathandiza ngati mnzathu."

"Zavuta? Kwanga?" Amake mapasa anagwira m'chiuno. "Kodi sanakuuzeni?"

Amuna aja anayang'anana. Atelala anaweramitsa mutu.

"Mayi, zam'nyumba izo," ananong'ona.

"Zam'nyumba zinathera pomwe munayamba kudyera kuseri kuno. Tamverani nonse. Mnzanuyu ali ndi shuga. Magazi ake adzaza mafuta, ndipo akuchipatala akuti mitsempha ikatseka, mkono ndi mwendo zifa. Tsiku limenelo mubwera ndinu kudzamutembenuza pabedi? Inu abucha, mudzamunyamula kupita naye kuchimbudzi? Kapena inu ometa? Makinawo adzapalasa ndani?"

Abucha anasiya kutembenuza nthuli m'chiwaya.

"Koma achimwene," anatero abucha, mawu atatsika, "bwanji osanena?"

Atelala anapukuta chigongono ndi kansalu. "Munthu ukakana mbale ya anzako amati wayamba kudzimva. Ndiye ndinene kuti ndikudwala, muzindiyang'ana ngati maliro oyenda?"

"Bola akuyang'aneni ngati maliro oyenda kusiyana n'kuti akuyang'aneni muli m'bokosi," anatero amake mapasa. Analanda mbale ija n'kukhuthulira nthuli zonse m'chiwaya, mafuta n'kuthovukira pa epuloni ya abucha. "Tsopano timvane. Maepuloni azisokabe. Koma malipiro ake si zinyalala izi. Muzindipatsa mnofu, wopanda mafuta, ndiziphika ndekha."

"Alamu, mnofu ndi wa makasitomala. Mwina chiwindi..."

"Mnofu."

"Pang'ono mnofu, pang'ono..."

"Kodi epuloni amakusokerani mbali imodzi nsalu, mbali ina pepala? Mnofu. Ndipo ndizisankha ndekha, poti maso anu amaona mafuta ngati nyama."

Abucha anakweza manja. "Mwapambana. Achimwene, mumakhala bwanji ndi munthu ameneyu?"

"Amakhala moyo," anayankha amake mapasa. Kenako anatembenukira kwa wosoka nsapato, amene anali akusuntha pang'onopang'ono kulowera kukhonde. "Inu, bwererani. Nyemba zanga mwazikonda?"

"Kwambiri, alamu."

"Kuyambira mawa mabakuli akhala awiri. Lanu ndi lawo. Koma lanu muzitsekula iwo akamaliza lawo, inu mukuona. Tsiku limene adzagwire nthuli, inunso nyemba mwaziwonera pomwepo."

Wosoka nsapato anayang'ana atelala ndi diso lachilendo, diso la munthu amene wapatsidwa udindo. "Achimwene, mwamva. Musandiphetse ndi njala."

"Ndiye mwandiikira mlonda?" anadandaula atelala.

"Ndikanatha ndikanakuikirani awiri."

Anatola bakuli lija. Munali mutatsala nyemba pang'ono ndi masamba kumbali. Anapukuta supuni ndi nsonga ya nsalu yawo n'kuwapatsa amuna awo m'manja.

"Zazizira, mayi."

"Zinali zotentha pomwe mumazipereka kwa mnzanuyu. Idyani."

Atelala anayang'ana chiwaya, n'kuyang'ana anzawo. Palibe anawathandiza. Abucha anali atayamba kale kuphula chiwaya chija, n'kukachiika patali, kuseri kwa mgolo wa madzi. Atelala anatapa nyemba, n'kutafuna pang'onopang'ono, amake mapasa ataima pamutu pawo mpaka supuni inagunda pansi pa bakuli.