Dzina la Khalfon

Kouka ankasankha mphodza m'mbale, atakhala pansi monga amachitira anamfedwa, pamene mayi woyandikana nawo nyumba anasuzumira pakhomo.

"Mkazi wa Bichi wachira! Mwana wamwamuna!"

Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda Khalfon, mlongo wake wa Kouka, wosula siliva wa ku Hara Kebira, mudzi wa Ayuda. Kouka anathokoza Mulungu chamumtima. Za dzina sanafunse. Mwana wotere amatenga la agogo ake, ndani sadziwa?

Bichi, mwana yekhayo wa malemuyo, anali pakona, malaya ali ong'ambika pachifuwa mwa mwambo wa maliro. Anamwetulira pang'ono, kenako anayang'ana kukhoma.

"Pamdulidwe ndidzamutcha Daniel."

Mbale ija inapendekeka, mphodza n'kumwazika.

"Wati ndani?"

"Mwamva, azakhali. Khalfon n'kutanthauza mlowam'malo. Limenelo ndi dzina kapena chigamba?"

"Chigamba! Dothi la pamanda a bambo ako silinaume, iwe wayamba kale kulavula dzina lawo?"

"Nanga lawo linali liti? Agogo, mayi awo, ankawaitana kuti Sion mpaka tsiku lomwalira. Dzina la khanda lakufa! Iwo n'kumayankha, munthu wandevu zoyera, pamaso pa ogula m'sitolo. Anzanga ankandiseka kuti ndine mwana wa mzukwa. Wanga sadzakhala m'malo mwa munthu."

Kouka anatola mphodza imodziimodzi. Iye anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene Sion, kamlongo kake, anamwalira ndi malungo, ali ndi miyezi isanu. Mayi awo anasiya kulankhula, anasiya kuphika. Chaka chotsatira kutabadwa mwana wina, rabi, mphunzitsi wa Chiyuda, anati akhale Khalfon, pakuti Mulungu wabweza chimene anatenga.

"Ukuyesa bambo ako sankamva kuwawa?" anatero Kouka. "Tsiku lina ali mnyamata anawauza kuti, amayi, ine si Sion. Amayi anagona masiku atatu osadya. Kuyambira pamenepo ankangoyankha. Iwe ukuti kupusa. Mphuno biii, ngati unadzibereka wekha!"

"Mwanayo ndi wanga, azakhali."

"Ndi wako, inde. Umutche ngakhale Farao."

Masiku anayi otsala a kulira maliro sanalankhulane. Komabe m'mawa uliwonse Kouka ankamusendera dzira n'kumukankhira mbale osamuyang'ana, ndipo popemphera ankatchula kamwanako mopanda dzina.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri anapita kumanda. Amuna atatha mapemphero, Bichi, amene sanathe kukhalapo poika maliro, anayang'ana uku ndi uku, nkhope itakwinyika.

"Bwanji munawaika kuno kumpanda, pakati pa makanda? Malo a akulu kulibe?"

"Anasankha okha," anatero Kouka.

Pafupi ndi dothi latsopanolo panali kamanda kotalika ngati mkono. Ena onse a mzere umenewo anali akuda, osweka, omera udzu. Aka kokha kanali koyera mbee, laimu wake wokhuthala ngati khungwa, wopakidwa pamwamba pa wina zaka ndi zaka. Zilembo zinali zopakidwa bwino utoto wakuda ndi dzanja la mmisiri: Sion. M'munsi mwake laimu wa chaka chino anathera pakati, mizere yake yokhotakhota.

"Bambo ako ankapaka laimuyu chaka chilichonse. Anabwera mwezi watha, pa ndodo," anatero Kouka. "Mpweya unawathera asanamalize. Ankati, mkulu wangayu alibe mwana woti amukumbuke."

Bichi anagwada. Anakhudza pomwe burashi inalekera, chala n'kuyera. Amuna aja anali atayamba kulowera kuchipata, koma iye anawaitana kuti abwerere, pakuti wopepesa kwa wakufa amapepesa pamaso pa anthu khumi.

Atamuzungulira, anatembenukira ku dothi lija.

"Bambo, Khalfon mwana wa Ghzala, ndinachita manyazi ndi dzina lanu. Lachinayi mudzalimva likutchulidwa pa mdzukulu wanu. Ndikhululukireni, bambo. Ndikhululukireni."