Matambula a Mwendo Umodzi

"Amenewo ayi, Martina. Tengani chikho basi," anatero a Norbert, mphunzitsi wa ku Kasina, ataona akazi awo akupukuta matambula.

"Chikho? M'nyumba mwanga muno? Bambo Mfumu anandisiyira matambulawa kuti ndizisungiramo fumbi?"

Matambulawo analidi okongola, oonda, oima pa mwendo umodzi ngati kakowa. A Martina ankawanyadira zedi, ndipo sankabisa.

Tsikulo kunkabwera a Yeremiya a ku Chongoni ndi mnzawo kudzafunsira mphwawo mbeta, Agnesi, mwana wa mlongo wawo wa a Norbert. Mtsikanayo anali kukhitchini, mtima uli m'mwamba, poti zinamveka kuti mkuluyo sankafuna kuti mphwake akwatire kwa anthu ophunzira. Ati ngonyada.

Alendo anafika atatopa, achinyamata a chipani atawachedwetsa panjira pofunsa makhadi. A Martina anathira thobwa, aliyense tambula yake, n'kukhala pambali kudikira kuyamikiridwa.

Palibe anagwira. Thobwa linayamba kudikha pansi.

"Imwani, alendo athu," anatero a Norbert.

A Yeremiya anayang'ana tambula yawo, kenako ya mnzawo. "Kwa eni kulibe mkuwe. Koma ndifunseko, aphunzitsi. Kodi kuno aliyense amamwera mwake ngati kuchipatala? Mwationa ndi chifuwa? Kwathu mwini thobwa amayamba walawa, chikho n'kuzungulira tonse."

Anatola chipewa chawo. Kukhitchini kunamveka mbale kugwa.

Manyazi anawagwira a Martina, eetu, koma kubweza matambula m'kabati ndiye ayi. Anayenda chogwada mpaka pa tebulo, nanyamula tambula ya a Yeremiya. Anamwa bwinobwino osathamanga, napukuta m'mphepete ndi chikhatho, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Ndalakwa posalawa, bambo. Koma tambula iyi chibwerereni sinamwerepo munthu, ngakhale aphunzitsi anuwa ndimawamana. Ndimadikira mlendo woyenera."

"N'zoona, ine ndimangoiona pagalasi," anatero a Norbert.

Mnzawo wa a Yeremiya anaseka. Mkuluyo anaigwira tambula ija ndi manja onse ngati akugwira mwanapiye.

"Ikathyoka mwendo musandilipitse, mayi."

"Ikathyoka mudzatipatsa mkamwini, takwitana."

A Yeremiya anamwa, napatsira mnzawo, mnzawo napatsira a Norbert. Inatha msanga, poti ndi kanthu kakang'ono, ndipo a Martina anathiramonso, nathiranso. Matambula ena aja anangoima pa tebulo, odzaza.

A Yeremiya anapukuta ndevu, naika chipewa pansi pa mpando.

"Thobwa ili ndi la mayi wodziwa ntchito. Tsono aphunzitsi, amalume ake a mwana ndinu. Ife tabwera kudzapempha Agnesi."

A Martina anatuluka mapewa ali m'mwamba, nakapeza Agnesi akutolera zidutswa za mbale.

"Siya zimenezo, iwe. Kasambe kumaso, akuitana posachedwa."