Dzina Lachinayi pa Galasi la Godwin

Bambo Gwanda ankagwirira ntchito pakhonde la shopu ina ku Mchesi. Ankatola zidutswa za magalasi a mawindo, kuzidula ngati mtima, n'kujambula maluwa kumbuyo kwake ndi penti. Pakati ankasiya malo a dzina. Kale ankajambula mbalame ndi phiri la Nkhoma, koma ndani angagule phiri? Chibwerereni Valentayini m'tauni muno, anthu ankangofuna mitima basi, ndipo ntchitoyi inali itawafika m'khosi.

Godwin, kondakitala wa minibasi za ku Area 23, ankabwera chaka ndi chaka, koma galasi lake linali limodzi lomwelo. Chibwenzi chikatha ankakalanda mphatsoyo, n'kubwera nayo kuti a Gwanda apale dzina ndi lezala, alembe lina. Elsie anapalidwa. Fatu anapalidwa. Mu Febuluwale wa 2006 anatulukiranso, galasi lili m'jumbo.

"Madala, chotsani Olipa uyu. Mulembe Jemima. Ndi kamtsikana ka pasaluni ya ku Biwi, kofatsa zedi."

Jemima wa pasaluniyo anali mwana wa a Gwanda, mmodzi yekhayo amene malemu mkazi wawo anawasiyira. Ankaopa kuti chaka chamawa adzapala dzina la mwana wawo ndi manja awo omwe. Kumuletsa ndi pakamwa kunali kutaya nthawi, poti Jemima ukamuuza kuti kumanja, iye amalowera kumanzere.

Choncho a Gwanda analemba dzina la Jemima ndi penti yofiira. Kenako anatenga vanishi yopanda mtundu n'kulemba m'munsimo Elsie, Fatu, Olipa, mayina oti amaoneka pokhapokha galasi likayang'anitsidwa kudzuwa. Godwin analipira osaona kanthu.

Lamulungu atachoka kutchalitchi, a Gwanda anapeza Jemima atakhala pakhonde la nyumba yawo ku Kawale, galasi lili pamiyendo.

"Ababa, kalembedwe kanu ndimakadziwa. Ndawawerenga mayina onse atatu."

"Ndiye wamusiya?" anafunsa a Gwanda, mtima ukuyamba kukhala pansi.

"Ndinkawadziwa kale. Fatu ndimamuluka tsitsi ndine." Anawerama. "Godwin akuti ine ndiye womaliza. Chonde mundipalire atatuwa, koma langali musalikhudze."

Anamasula pamfundo ya chitenje n'kutulutsa lezala yatsopano, yogula yekha.

A Gwanda anamva chisoni, komanso kutopa kumene sanakumvepo ngakhale tsiku lodula magalasi mpaka zala kutuluka magazi. Anakhala pansi, asanavule n'komwe jekete la kutchalitchi, n'kuyamba kupala. Olipa anachoka, Fatu anachoka, Elsie anachoka. Dzina la mwana wawo linatsala lokha pakati pa maluwa, lolembedwa ndi penti yomwe ija yosavuta kupala.