Batire Lapita ku Maliro

"Batire lili kuti? Asisi! Wachotsa batire apa ndani?"

Felton anali atangofika kuchokera kwa Mponela komwe anagona kwa mnzake. Kuchipinda kwake waya wa sola unkangolendewera, laputopu ili zii.

Faines, mlongo wake wamkulu, anapitiriza kumanga duku. "Lili pasiwa kwa a Yeremiya. Akwaya amafuna sipika. Ukanakhalapo ukanadziwa."

"Mukudziwa zomwe mwapanga koma? Siriyasi?"

Faines ankadziwa pang'ono. Felton anagulitsa njinga yake yamoto ya kabaza n'kuika ndalamazo ngati chikole pa netiweki ya ndalama za pa intaneti. Laputopu yake, limodzi ndi makompyuta a anthu ena kunja uko, inkachitira umboni kuti ndalama zayendadi kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Ikakhala yoyaka, ankamuponyera kangachepe. Ikazima, ankamudula pa chikole chomwecho.

"Ndili ofulaini chiyambire dzulo! Akundidula panopa, tikulankhula pano!"

"Uwaimbire. Uwauze kuti kunagwa zovuta."

"Ndiimbire ndani? Kulibe bwana, kulibe ofesi. Sisitimu imangoona kuti wabwera kapena sunabwere, basi. Kupanda kudula, aliyense bwenzi akugona, mbava n'kumalemba zabodza."

Anamva yekha kuti mawuwo akumveka bwino, monga ankawafotokozera anzake pa bawo. Koma m'khutu munabwerera mawu a malemu a Yeremiya, omwe anamuphunzitsa kupalasa njinga pa msewu wa ku Msakambewa. Anatulutsa foni, manambala a chikole chake akutsika pang'onopang'ono ngati chimanga m'nkhokwe yobooka.

Faines anamuyang'ana. "Ndiye wosabwera amadulidwa?"

"Eya."

"Sizachilendo. Kuno takhala tikupanga zomwezo opanda bando. Maliro n'kulirana. A Agustino atamwalira unati ukuyang'anira laputopu. Mwana wa a Iness, laputopu. Adzukulu akukumba manda m'mawawu afunsa kuti mnyamata wa kwanu uja anasamuka? Batire ndalipereka kuti pakhomo pano paoneke munthu."

"Njinga yangatu ikutha iyi, asisi."

Patali kwaya inayamba nyimbo, sipika ikumveka bwinobwino mpaka kuphiri.

Faines anawerama, nazula waya wotsalawo kukhoma n'kuukulunga padzanja.

"Akuti uwunso ukufunika. Iweyo khala. Ukadzafa adzakukumbira a pa netiwekiwo."

Anatuluka osatseka chitseko.