Mulibiretu

Mayi Telala anapita kukhoti atavala diresi lakuda limene anasoka yekha mwamuna wake atangomwalira. Imeneyo inali ntchito yomaliza ya makina ake, chifukwa maliro atangotha azilamu ake anabwera ndi lole n'kusesa m'nyumba. Iye sankalirira mipando kapena mbale ayi. Ankafuna makina osokera basi, poti ndiwo ankamudyetsa.

Woweruza anali mayi wobwera, wosamva chilankhulo cha anthu a m'tauniyo, choncho mawu onse ankadzera pakamwa pa womasulira, bambo wa tayi yofiira amene anakalambira pa ntchitoyo. Bamboyu anali ndi kachitidwe kake. Mawu a anthu okangana ankayamba wawaziziritsa asanawapereke. Wina akakuwa kuti "wakuba iwe", iye ankamasulira kuti "munthu amene tasemphana naye maganizo". Ankati achibale akatuluka m'khoti amakakumana pamaliro, ndiye si bwino kuwanolera mipeni.

Mlamu wamkulu ndiye anayamba kulankhula, mimba patsogolo, chipewa m'manja. Anati iwo anangogawana katundu wa m'bale wawo mwachilungamo, ndipo wamasiyeyo anamusiyira gawo lake lokwanira. Mayi Telala anadziwa kuti woweruza akakhulupirira zimenezo, makinawo apita mpaka kalekale.

Woweruza anafunsa funso, womasulira n'kutembenuka.

"Mayi, akuti m'nyumba mwanu mwatsala chiyani?"

"Mulibiretu."

Womasulira anakhosomola, n'kuyamba kulankhula m'chilankhulo cha woweruzayo. Analankhula, nalankhulabe, dzanja likuweyula mpweya. Woweruza anagwedeza mutu modekha. Mlamu uja, amene ankamvako pang'ono chilankhulocho, anamwetulira.

Kumwetulirako n'kumene kunamudzutsa Mayi Telala.

"Pepani bambo, ine ndakupatsani liwu limodzi, inu mwapereka dengu lathunthu. Enawo mwawatola kuti?"

"Khalani pansi, mayi. Ndimo timamasulira."

"Mwawauza chiyani?"

"Ndati katundu amene watsala ndi wochepa."

"Wochepa! Wochepayo mwamuona ndinu? Ali pakona iti, ndikamutenge?"

Anthu a pamabenchi anaseka chamumtima. Womasulira anatsitsa mawu ngati akulangiza mwana wake.

"Mayi, mawu anuwo ndi olemera. Ndikawanena momwe alili, ndiye kuti ndawatchula alamu anuwa kuti ndi mbala. Mawa mudzawafuna anthu amenewa. Komanso palibe nyumba imene imakhala yopandiratu kanthu. Ngakhale supuni?"

"Supuni anakulunga m'nsalu yapatebulo."

"Babu la magetsi?"

"Anakwera pampando wanga kukalichotsa, kenako ananyamula ndi mpando womwe."

"Alamu, musatinyozetse pagulu," anatero mlamu wamkulu. "Tinakusiyirani denga."

"Dengalo ndi la eni nyumba, alamu. Likanakhala la achimwene anu, bwenzi pano ndikugona ndi nyenyezi."

Woweruza anamenya tebulo, kufuna kudziwa chimene chikuchitika. Womasulira anatsegula pakamwa kuti aziziritse ndi zimenezo zomwe, koma Mayi Telala anali atapisa kale m'chikwama. Anatulutsa kiyi womangidwa ku kansalu kobiriwira, anayenda mpaka kutsogolo, msilikali wa pakhomo asanamugwire, n'kumuika patebulo la woweruza, gwa!

"Auzeni kuti kiyi wa nyumba yanga ndi ameneyu. Chitseko chake afunse alamu. Anachizula ndi mahinjesi omwe. Ndimagona pa simenti, pakhomo nditatchinga ndi katoni. Ndipo bambo, ine chilankhulo chanucho sindichimva, koma kutalika kwa mawu ndimakumva. Mukatalikitsanso ndiimiriranso. Tigona momwe muno."

Womasulira anayang'ana kiyi uja nthawi yaitali. Anamasula tayi pang'ono. Kenako ananena za chitseko, za babu, za supuni, mosakometsera. Atafika pa liwu lija loti "mulibiretu" anaima, akulifunafuna m'mutu ngati munthu wosaka ndalama m'thumba lobooka. Anapeza mawu awiri aafupi, owuma, n'kuwaponya. Atatero anatambasula manja ake onse awiri, zikhatho m'mwamba.

Woweruza sanagwedezenso mutu. Anatenga kiyi uja, anamutembenuza, n'kufunsa mlamu wamkulu funso lalifupi. Womasulira analipereka lili lotentha.

"Akuti chitseko chili kuti?"

Mlamu anayang'ana m'chipewa chake ngati yankho lili momwemo.

"Chili... tinaika ku khola la nkhuku."

Ameneyo womasulira sanamuthandize ngakhale pang'ono.

Chigamulo chinali chakuti makina abwerere dzuwa lisanalowe, chitseko chikhomedwe pamalo pake ndi manja a amene anachizula, ndipo za katundu wotsalayo adzakambe tsiku lina.

Madzulo mlamu wamkulu anafika akukankha wilibala, makina ali m'kati, chitseko chili pamwamba, nthenga zitamatirira m'mphepete. Mayi Telala anapukusa gudumu la makinawo, anamvetsera kulira kwake, n'kutambasula dzanja.

"Singano."

Mlamu anapisa m'thumba la malaya n'kuipereka, nkhope ili gwa.

"Mwatichititsa manyazi, alamu."

"Manyazi munali nawo? Khomani chitsekocho, mphepo ikulowa. Ndipo muyambe mwachitsuka, chikununkha zitosi."