Mpando wa Thu Koloko

Nyumba ya abwana Faruki ku Area 9 inali ndi zipinda zisanu ndi ziwiri, mpanda wautali ndi tivi yaikulu ngati chitseko, koma munthu wocheza naye munalibe. Abwanawo ndi akazi awo ankalawirira ku shopu yawo ya zitsulo ku Old Town, n'kusiya mayi a abwana, a Nasrin, ali okha pabalaza. Mayiwa anachita kukawatenga ku India amuna awo atamwalira, ati azikhala pafupi ndi mwana. Kuyandikana kwake kunali kumuona mwanayo madzulo atatopa, maso ali pafoni. Chichewa sankachidziwa, Chingerezi chimodzimodzi. Chawo chinali chimodzi basi: sewero la kwawo, limene linkayamba thu koloko masana.

Eveless, wantchito wa m'nyumbamo, ankachokera ku Chinsapo wapansi m'mawa uliwonse. Anali mayi wa ana atatu, wolimbikira ntchito, koma pakamwa pake panalibe loko. Seweroli analiyamba mwakuba, akusita zovala pafupi ndi khomo. Mawu sankamva ngakhale amodzi, komatu nkhanza sizifuna womasulira. Munali mtsikana wosoka zovala, mnyamata woyendetsa basi amene ankamufuna ukwati, ndi amalume a ndevu amene ankadana ndi chilichonse chokoma. Tsiku lina amalume aja atang'amba kalata ya mtsikanayo, Eveless anaiwala kuti ali m'nyumba ya eni.

"Choka iwe! Mfiti yopanda manyazi!"

A Nasrin anatembenuka, n'kuphulika nako kuseka mpaka kutsokomola. Anaomba sofa ndi dzanja kuti abwere. Eveless, poti analeredwa, anakhala pansi pa kapeti. Mayi aja anamukoka mkono mpaka anakwera pampando.

Kuyambira tsikulo thu koloko inali yawo. A Nasrin ankafotokoza m'chinenero chawo, manja ali m'mwamba, Eveless n'kumayankha m'Chichewa, ndipo ankamvana kuposa anthu ambiri apabanja. Mtsikana akalira, onse ankalira. Amalume akangotulukira, Eveless ankawalalatira, mayiwo akumukhwizira ndi chigongono. Likatha sewero a Nasrin ankadya mpunga wawo mbale n'kuyera.

Zinaipa tsiku limene abwana anabwerera makiyi masana. Anapeza wantchito ali khale pa sofa, akuloza tivi ndi chala, mayi awo akupuma mwabefu chifukwa cha kuseka.

"Eveless, tabwera kuno," anatero abwana ali kukhitchini. Chichewa ankachitha, cha kushopu, chachidule. "Amayi ali ndi bipi. Dokotala anati phokoso ayi. Komanso pabalaza si malo ako. Ndikakupezanso, ntchito yatha."

"Ndamva, bwana."

Anamvadi. Ntchito za ku Area 9 sizitoledwa pamsewu, ndipo ana atatu sadya sewero. Koma mumtima munali moto. Bipi yake iti yobwera ndi kuseka? Bwanji osangonena kuti chitenje cha ku Chinsapo chidetsa sofa?

Sabata yonse thu koloko inkamupeza kuseri, akuchapa zochapachapa kale. Kanyimbo koyambira sewero kankamupeza komweko, n'kumamukanda mumtima. Lolemba a Nasrin anamuitana kawiri, iye anakhala ngati sakumva. Lachiwiri anamulondola kuseri, n'kumugwira dzanja. Eveless analoza kugeti, napukusa mutu. Mayi aja anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera akukoka mapazi. Lachitatu tivi inalira mopanda woseka. Lachinayi mpunga unabwerera kukhitchini momwe unapitira, ndipo Eveless poutaya anachita manyazi ngati waba.

Lachisanu akukolopa pakhonde anasuzumira pawindo. Pa tivi panali maluwa, nyali, ng'oma, azimayi akumupaka mtsikana uja zofiira m'manja. Ukwati! Miyezi isanu akumulirira mwana ameneyu, lero akwatiwe iye ali ndi chikolopa m'manja? A Nasrin anali kumapeto kwa sofa, atapinda manja, mbali inayo ataisiya yopanda munthu. Sankayang'ana n'komwe tivi. Ankayang'ana pansi.

Eveless ankadziwa bwino lomwe kuti Lachisanu abwana akachoka kumzikiti amadzera kunyumba kudzadya. Anaika chikolopa mu ndowa, napukuta manja pachitenje, nalowa. Sanakhale pa kapeti ayi. Anakhala pa sofa penipeni, nawongola miyendo.

"Ndabwera, amayi. Tiyeni timukwatitse mwanayu."

A Nasrin anamugwira bondo osalisiyanso.

Galimoto inalira pageti amalume a ndevu atangolowa pa ukwati ndi ndodo. Eveless anamva chitseko, anamva nsapato, koma khosi sanatembenuze.

"Eveless! Ndinati chiyani?"

"Munati ntchito yatha, bwana. Yatha. Koma ukwati sunathe."

"Tuluka!"

"Ndituluka akamanga. Panopa sindine wantchito wanu, ndine mlendo wa amayi. Mlendo sathamangitsidwa pakati pa ukwati."

Abwana anafiira makutu. Anayang'ana rimoti patebulo, palibe. Mayi awo anali ataikhalira kale. Abwana anawalankhula m'chinenero chawo, mofatsa poyamba, kenako mokweza, n'kupita kukaima kutsogolo kwa tivi, mimba yawo n'kutseka mkwati ndi mkwatibwi yemwe.

Apo a Nasrin anadzuka. Anali aafupi, ofika pachifuwa cha mwana wawo, koma anatukula chala monga ankachitira Eveless, nalankhula Chichewa chokhacho chimene dziko lino linawaphunzitsa.

"Choka iwe!"

Abwana anachoka. Akanatani? Anasunthira pambali ngati mwana wa sukulu, kukamwa kuli yasa. Pa tivi amalume anali atagwidwa ndi azimayi, ndodo italandidwa, ndipo woyendetsa basi anamuveka mtsikana nkhata ya maluwa. Eveless anaimirira, naika dzanja pakamwa, n'kuimba nthungululu yoti ndi alonda a nyumba zoyandikana anaimva. A Nasrin anayesa nawo. Inatuluka yokhota ngati ya nkhuku yachimfine, koma anaikoka mpaka mpweya kutha, misozi ili chuchuchu.

Mayina atayamba kuyenda pa tivi, Eveless anapita kukhitchini. Anavula epuloni, naipinda bwinobwino, natenga kachikwama kake. Mantha tsopano ndiye anamupeza. Ankaganiza za ana, za chimene akawauze. Koma kupepesa ayi, zimenezo anakana. Anatsanzika amayi mogwada, nauyamba wa kugeti.

"Eveless."

Anali abwana, ataima pakhonde, manja m'thumba.

"Lolemba ubwere."

"Kubwera ndibwera, bwana. Koma ndamva kanyimbo kena kumapetoko. Lolemba likuyamba lina. Thu koloko ndidzakhala pampando."

Abwana anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma m'nyumba munamveka supuni ikugunda mbale. Anasuzumira pawindo. Mayi awo anali atadzitengera okha mpunga, wodzaza mbale, akudya mosapumira, rimoti ataipanira m'khwapa. Abwana anayang'ana kwa nthawi, napukuta m'maso ndi chala ngati mwalowa fumbi.

"Thu koloko," anatero, osatembenuka.