Madzi Analowera Pati M'nyumba ya a Kalekeni?

Mvula yoyamba yamphamvu ya chaka chimenecho inagwa Fainess ndi amuna ake, a Kalekeni, ali ku maliro kutsidya kwa Wimbe. Pobwerera ankayenda akusekerera, podziwa kuti fodya amene anali atangowokera wamwa mokwanira. Chimwemwecho chinathera pakhomo. Fainess atakankha chitseko cha nyumba yawo yatsopano, phazi lake linatera m'madzi.

Nyumbayo anali asanagonemo ngakhale mwezi wathunthu. Inali ya njerwa zootcha, ya malata onyezimira, ndipo inatuluka m'thukuta la fodya wa zaka zingapo. Tsopano m'chipinda chakumbuyo munali thope lokhalokha. Matumba apansi a feteleza wobereketsa, omwe Fainess anawasanja pasimenti, anali atasungunuka n'kusanduka phala. Pabalaza, kabati ya mbale imene Fainess anagula ku boma, ya matabwa oumba ndi utuchi aja, inali itafufuma ngati mandasi moti zitseko zake sizinkatsekekanso.

A Kalekeni sanachedwe kupeza wolakwa. Nyumbayo anamanga ndi a Nedson, alamu awo, achimwene ake enieni a Fainess. A Kalekeni ankabwerezabwereza kuti anapatsa ntchito wachibale pofuna kuti phindu lisatuluke m'banja, koma taonani zomwe chibale chawabweretsera.

M'mawa mwake kunafika a Fundo, oyandikana nawo nyumba. A Fundo anapambanapo mlandu wa mbuzi kukhoti, ndipo chiyambire tsikulo ankadziona ngati odziwa malamulo onse a m'dziko. Anazungulira nyumbayo manja ali kumbuyo, akupukusa mutu.

"Musalankhule nawo alamu anuwo, akunyengererani," anatero a Fundo. "Wilibala yawo ndi makwerero si izi anasiya pano? Tsekerani m'chigafa. Kenako nkhaniyi muiponye kukhoti, ndipo aliyense wofuna kumangitsa nyumba mumuuze zimene mwaona. Nyumba ikalowa madzi, wolakwa ndi mmisiri basi. Zina zonsezo n'zokometsera."

A Kalekeni anachitadi zomwezo. Wilibala ndi makwerero zinalowa m'chigafa cha fodya, n'kumangidwa ndi tcheni.

A Nedson atamva za madziwo anabwera panjinga kudzapepesa. A Kalekeni anawalandira ndi moni wozizira, ndipo posakhalitsa mawu anakwera. A Nedson anakumbutsa kuti iwo ananena za kukumba ngalande kumbuyo kwa nyumba mvula isanayambe, koma eni nyumba anayankha kuti zimenezo aziona akamaliza kuwokera fodya. Za denga anati asafunsidwe iwo, poti anakhoma ndi Samsoni, kalipentala amene anamutenga kuti awathandize. A Kalekeni anayankha kuti munthu wolakwa sasowa chonena. A Nedson anakwera njinga yawo, thobwa limene mlongo wawo anawatungira osalilawa n'komwe.

Zimenezi zinamupweteka Fainess kuposa kabati ndi feteleza. A Nedson ndiwo anamulera makolo awo atamwalira, ndiwonso anali malume a ana ake, owayang'anira pa zabwino ndi pa zovuta. Mlandu wa kukhoti, kaya apambane ndani, ukanatseka njira ya pakati pa makomo awiriwo. Chinanso, pokolopa tsiku lija iye anaona chinthu chimene chinkamuvutitsa. Madzi a m'chipinda chakumbuyo anali ofiira, osakanikirana ndi zinyalala za kumunda, pamene kabati inanyowa kuyambira pamwamba, ndi madzi oyera. Koma akananena bwanji? Kwa amuna ake zikanamveka ngati akuikira kumbuyo achimwene ake, ndipo kwa achimwene ake zikanamveka ngati wawagulitsa.

Patapita masiku ochepa, mayi Miriam Kamanga, alangizi a zaulimi a deralo, anaima pakhomopo ndi njinga yawo yamoto kudzaona mmene fodya wagwirira. Anapeza matumba a feteleza atayanikidwa pakhonde, ouma gwa ngati miyala. Fainess anawafotokozera zonse motsitsa mawu, mpaka za madzi ofiira ndi oyera zomwe. Mayi Kamanga anayenda kupita kumbuyo kwa nyumba, anaima pamene munda wa fodya unkayambira, kenako anayang'ana kumwamba komwe mitambo yakuda inkasonkhana.

Anauza a Kalekeni kuti iwo si oweruza milandu, koma akudziwa mboni imodzi imene silandira chiphuphu, ndipo mboniyo ikuoneka kuti ifika masana omwewo. Anapempha kuti a Nedson aitanidwe. A Kalekeni anang'ung'udza, koma alangizi ankawalemekeza, choncho Fainess anaimba foni. A Nedson anafika mphepo ya mvula itayamba kale kugwedeza masamba a nthochi. A Fundo nawo, poona njinga ziwiri pakhomo, anabwera okha osaitanidwa.

Mvula itatsika, mayi Kamanga anayamba ndi pabalaza. Onse anaima, maso ali kudenga. Sipanatenge nthawi, dontho linagwa pamwamba pa kabati, kenako lina, kenako madzi anayamba kutsika ngati ulusi. A Nedson anakwera pampando n'kusuzumira. Pamalata panali timabowo ta misomali imene inaphonya thabwa, ndipo wokhomayo anangoizula osatseka. Kenako anatsika pampandopo.

"Ndinanena ine," anatero a Fundo. "Mlandu watha apa."

"Sunathe, bambo Fundo. Tengani ambulera, tipite kumbuyo," anatero mayi Kamanga.

Kumbuyoko anapeza zimene palibe anali ataziona, chifukwa tsiku loyamba lija panalibe munthu pakhomo. Nyumbayo anaimanga m'mphepete mwa munda, ndipo a Kalekeni, posafuna kutaya ngakhale kachigawo ka nthaka, anaunga mizere ya fodya mpaka pafupi ndi khoma. Mizereyo inaloza kunyumba. Pakati pa mzere uliwonse pankathamanga kamtsinje kofiira, ndipo timitsinje tonseto tinkakumana pakhomo lakumbuyo n'kumalowa pansi pa chitseko ngati taitanidwa.

"Malo a kuno amaoneka athyathyathya, koma madzi saiwala khwawa," anatero mayi Kamanga. "Mizere iyi anaunga ndani?"

A Kalekeni anayang'ana mizereyo nthawi yaitali, madzi akuyenderera m'chipewa chawo. "Khasu lake ndi langa," anayankha.

Atabwerera pakhonde, Fainess anabweretsa mipando, ndipo alangiziwo analankhula modekha. Anati madzi akaononga katundu m'nyumba yatsopano, funso loyamba si lakuti anamanga ndani, koma lakuti madziwo analowera pati, ndipo malo amenewo anali m'manja mwa yani. Denga lodontha nyumba isanathe n'chaka chomwe ndi ntchito yosalongosoka, choncho kulikonza ndi udindo wa mmisiri, pamodzi ndi katundu amene laononga. Koma madzi amene mwini nyumba wawatsogolera yekha kukhomo, atachenjezedwa kale, sangawasenzetse munthu wina.

A Nedson anayesa kubwereza kuti misomaliyo anakhoma ndi Samsoni.

"Kodi a Kalekeni anapangana ndi Samsoni kapena ndi inu?" anafunsa mayi Kamanga.

"Ndi ine."

"Ndiye denga ndi lanu. Za Samsoni mukakambirane awiri, poti munamubweretsa ndinu."

Mayi Kamanga anatembenukira kwa a Kalekeni n'kuwauza kuti kutsekera zida za munthu popanda chigamulo kukanatha kuwabweretsera mlandu wina pamwamba pa umenewu. Anawonjezera kuti kukhoti n'kolola aliyense kupita zinthu zikakanika, koma kumenekonso akanafunsidwa mafunso omwewa. Fainess naye sanapulumuke. Alangiziwo anamukumbutsa kuti feteleza sasanjidwa pasimenti, amafuna matabwa pansi, ndipo akanatero mwina matumbawo akanapulumuka. Fainess anavomera akuseka, nati bola aliyense watola gawo lake, palibe wopita kwawo chimanjamanja.

A Fundo anakonza kukhosi n'kunena kuti kwenikweni iwo ankatanthauza zomwezo kuyambira pachiyambi, kungoti anthu sanawamvetse. Kenako anakumbukira kuti mbuzi zawo zili pamvula, ndipo anatsanzika msangamsanga.

A Nedson ndiwo anayamba kuvomera gawo lawo. Anati mabowowo adzawatseka m'mawa mwake, adzayendera denga lonse msomali ndi msomali, ndipo kabati adzabweretsa ina. Fainess anati ya utuchi saifunanso, akufuna ya matabwa enieni.

"Iwe, ukufuna undimalize?" anatero a Nedson.

"Munandilera nokha, achimwene. Simunandiphunzitse kulandira zinthu zofufuma."

Onse anaseka, ndipo a Kalekeni ananyamuka kupita kuchigafa. Kunamveka kulira kwa tcheni. Anabwera akukankha wilibala, makwerero ali pamwamba, n'kuiimika patsogolo pa alamu awo. Anati feteleza ndi wawo, aona okha mmene achitire, ndipo ophwanyika bwino adzathira ku chimanga monga alangizi awauzira.

Kutacha, ntchito yowawa inali ya a Kalekeni. Mayi Kamanga anali atawauza kuti fodya wa pafupi ndi nyumba azulidwe, malowo asalazidwe, ndipo kumtunda kwake aunge mzere waukulu wopingasa woti uzitchinga madzi. Chaka chamawa mizere yonse idzayenera kupingasa kutsetsereka kwa malowo. Kwa mlimi wa fodya, kuzula mbewu imene yagwira kale kuli ngati kudzizula dzino. Fainess ankawaona ali pakhomo la khitchini. A Kalekeni ankazula mtengo umodzi wa fodya, n'kuuyang'ana, n'kuuika pambali mosamala kuti akauwokere pomwe wina anafa.

Pamwamba pa denga, nyundo ya a Nedson inkagogoda. Aliyense wa amuna awiriwo anali pa ntchito yake. Dzuwa litakwera, a Kalekeni anaongola msana, anatsamira khasu n'kuyang'ana kudenga.

"Alamu, mukatsika mundionetse poyambira ngalande. Ndingakumbenso yolowera kuchipinda."

"Dikirani pomwepo," anayankha a Nedson. "Ndipo muuze mlongo wangayo abweretse khasu lachiwiri. Nokha mufika Khirisimasi musanamalize."

Fainess anapita nalo khasulo akuthamanga ngati mtsikana.

Phunziro: Madzi akaononga katundu m'nyumba yatsopano, yambani mwafufuza pomwe alowera musanaloze munthu chala. Mmisiri avomere ndi kukonza zimene ntchito yake, ndi ya anthu amene anawalemba, yaononga. Mwini nyumba naye asenze zimene zabwera chifukwa chonyozera malangizo. Aliyense akanyamula gawo lake, nyumba imauma ndipo chibale chimatsala.